Mwini nyumba ali ku Joni, ejenti akufuna miyezi itatu sabata ino: nditumize?

Funso: Ndine namwino, ndipo andisamutsa kuchoka ku Kasungu kupita ku Lilongwe, komwe ndikuyenera kukayamba ntchito mwezi wamawa. Ejenti wina yemwe ndidamupeza pa Facebook adandionetsa nyumba ya zipinda ziwiri zogona ku Area 25, ya K250,000 pamwezi, ndipo ndidaikonda. Iye akuti mwini wake ali ku Joni, choncho nditumize pa nambala yake ya foni lendi ya miyezi itatu pamodzi ndi dipoziti ya mwezi umodzi sabata ino isanathe, poti pali enanso amene akuifuna. Za kalata ya mgwirizano akuti tidzalemba ndikadzalowa. Ndili ndi ana awiri ndipo nthawi yandithera. Ndichite bwanji kuti nyumbayi isandipite komanso ndisaberedwe?

Yankho: Mayi, ndalamazo musatumize sabata ino, ndipo musadzatumize pa nambala ya ejentiyo ngakhale sabata yamawa, pokhapokha mwini nyumba atakuuzani yekha, ndi pakamwa pake komanso polemba, kuti munthuyo ndiye amene wamutuma kuti azilandira lendi. Mukawerengera bwino, zimene akukupemphani ndi K1,000,000, komishoni yake ili padera, ndipo akufuna kuti muzipereke kwa munthu amene si mwini nyumba, pa nyumba yomwe simunaone chikalata chake chilichonse, popanda pepala losonyeza zimene mwagwirizana. Pa zaka zimene ndakhala ndikuyang'anira nyumba za lendi, ndaona kuti munthu wolowa lendi amamveredwa nthawi imodzi yokha, pamene ndalama zikadali m'thumba mwake. Akangozipereka, zonse zimene zidali zoti akambirane ndi mwini nyumba zimasanduka zopempha, ndipo wopempha amayankhidwa tsiku limene mwini wake wafuna.

Sindikunena kuti ejenti wanuyo ndi wakuba. Nyumba zambiri za m'mizinda yathu zidamangidwa ndi ndalama za ku Joni, ndipo eni ake alidi kumeneko, moti nkhaniyo payokha si yodabwitsa. N'zoonanso kuti ku Lilongwe nyumba yabwino ya mtengo wotere sikhalitsa yopanda munthu. Vuto ndi lakuti mawu atatu amene mwauzidwawo, akuti mwini wake ali kutali, akuti ena akuifuna, ndi akuti kalata tidzalemba pambuyo, ndi omwenso amayankhula munthu amene akufuna kukuberani, ndipo pongomva ndi khutu simungasiyanitse woona ndi wonama. Kukhala ndi makiyi a nyumba si umboni wa umwini. Makiyi amakhala ndi mlonda, amakhala ndi mmisiri amene akumaliza kupenta, amakhalanso ndi munthu wa lendi amene akutuluka kumapeto kwa mwezi. Ndidaonapo mabanja atatu atafika pa geti limodzi tsiku limodzi, lililonse ndi lole yake ya katundu, onse atalipira kwa mnyamata mmodzi yemwe adangosiyiridwa makiyi kuti azithirira maluwa. Foni yake idali itazimitsidwa kale, ndipo mwini nyumba weniweni, atabwera, adalibe ngongole ndi aliyense wa iwo.

Choncho ntchito yoyamba ndi kudziwa mwini nyumba. Uzani ejentiyo kuti akupatseni nambala ya mwini wake kuti muyankhulane naye pa WhatsApp mukuonana nkhope. Ejenti amene watumidwadi savutika nazo zimenezi, chifukwa komishoni yake siithawa. Amene ayambe kuzemba, kunena kuti bwanayo ndi wotanganidwa kapena safuna kuyankhula ndi alendi, wakuyankhani kale funso lanu. Komabe mawu a pa foni okha sakwanira, pakuti wakuba atha kuimika mnzake kuti akhale landilodi kwa mphindi zisanu. Munthu amene ali kunja nthawi zambiri amasiya mbale wake woyang'anira nyumba, ndiye funsani kuti mbaleyo ndi ndani ndipo mukumane naye pa nyumba pomwepo. Kenako mubwerere nokha, popanda ejenti, mukagogode kwa oyandikana nayo nyumbayo ndi kufunsa kuti mwini wake ndi ndani, amene adatuluka adachokeranji, ndipo lendi ankapereka kwa yani. Amayi ogulitsa tomato pafupi ndi geti amadziwa mbiri ya nyumba kuposa ejenti aliyense. Ngati m'deralo muli amfumu kapena mkulu wa bloko, pitaninso kumeneko mukadzidziwitse, chifukwa ndi anthu omwewo amene mudzawafune tsiku la mkangano.

Dzina limene mwamva kwa anthu mulifananitse ndi la pa mapepala. Lisiti la mayunitsi a ESCOM limasonyeza dzina la mwini mita, bilu ya Lilongwe Water Board imasonyezanso dzina, ndipo msonkho wa malo umene khonsolo ya mzinda imatolera umalembedwa m'dzina la mwini malowo. Ngati pali chikalata cha umwini kapena kalata yopatsidwira ploti, pemphani kuona kope lake pamodzi ndi chiphaso cha unzika cha mwiniyo. Mayina akasiyana sikuti pamenepo pali umbava ayi, chifukwa anthu ambiri amagula nyumba osasintha dzina la pa mita, koma kusiyanako kumafuna kufotokozedwa momveka. Kumene ndimachenjeza kwambiri ndi pa nyumba za chuma cha masiye. Bambo akamwalira, mwana aliyense amadziona ngati landilodi, ndipo wa lendi amapezeka kuti walipira kwa mkulu pamene wamng'ono akugogoda kufuna zake. Pa nyumba yotere funsani kuti amene adapatsidwa mphamvu ndi khoti zoyendetsera chumacho ndi ndani, ndipo muzilipira kwa iyeyo basi. Chimodzimodzinso nyumba za Malawi Housing Corporation: munthu amene akukhalamo pa lendi si mwini wake, ndipo mukalowa kudzera mwa iye popanda chilolezo cha bungwelo, dzina lanu silidziwika kulikonse ndipo mutha kutulutsidwa tsiku lililonse.

Mukatsimikiza za umwini, pitani kukaionanso nyumbayo kachiwiri, koma ulendo uno musapite ngati munthu wofuna kuikonda. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo penti watsopano wabisa zambiri m'nyumba za lendi. Yang'anani siling'i ngati ili ndi mabanga a madzi, makamaka m'makona ndi pamene malata amalumikizana. Yang'anani m'munsi mwa makoma ngati pulasitala akusuweka kapena penti akutukusira, chifukwa chimenecho ndi chinyezi chochokera pansi ndipo sichitha ndi kupenta. Tsegulani mpopi uliwonse, gwetsani madzi m'chimbudzi kawiri, yatsani magetsi m'chipinda chilichonse, ndipo mutenge tchaja ya foni kuti muyesere masoketi. Zungulirani kuseri mukaone pamene pali septic tank ndi sokaweyi. Ngati nthaka yake ndi yonyowa nthawi ya chilimwe kapena pakumveka fungo, ndiye kuti yadzaza, ndipo ndi bwino mudziwiretu kuti woitana galimoto yopopa adzakhala ndani. Muli ndi ana awiri, ndipo monga namwino mukukumbukira bwino mmene kolera idavutira m'mizinda yathu mu 2022 ndi 2023, choncho za chimbudzi ndi madzi sindikufunika kukuuzani zambiri.

Za madzi, musakhutire ndi kuona mpopi ukutuluka masana amene mwapitawo. Funsani oyandikana nawo kuti madzi amabwera masiku angati pa sabata ndiponso nthawi yanji, chifukwa m'madera ena amafika pakati pa usiku n'kusiya m'bandakucha, ndipo mayi wogwira ntchito ya usiku sangadikire mpopi. Funsaninso kumene anthu amatunga akasiya. Ngati mukuona nyumbayo nyengo yopanda mvula, yang'anani kumene madzi amalowera ikagwa, ngati bwalo lili m'munsi mwa msewu, ndiponso kutalika kwa khonde kuchoka pansi. Mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi udasefukira n'kuononga nyumba ku Mtandire, ndipo ku Blantyre namondwe wa Freddy mu March 2023 adagumula nyumba za m'mphepete mwa phiri la Soche ndi ku Chilobwe. Ena mwa amene adataya katundu adali anthu a lendi.

Mamita ndiwo amabweretsa mikangano yambiri kuposa china chilichonse. Dziwani ngati mita ya magetsi ndi ya nyumba yanu yokha kapena mukugawana ndi boyizikota kapena nyumba zina za pa ploti. Mita yogawana imadanitsa anthu amene akadakhala mabwenzi, chifukwa wina amaphika nyemba pa hotipuleti pamene mnzake amangoyatsa mababu awiri, koma mwezi ukatha onse amasonkha mofanana. Ngati mita ndi yolipiriratu, musaganize kuti ilibe ngongole. Nthawi zina ngongole yakale imakhala itaikidwa pa mita, ndipo imadulidwa pang'onopang'ono pa mayunitsi amene mukugula. Njira yapafupi ndi kugula mayunitsi ochepa musanasaine n'kuona zimene lisiti likusonyeza. Ngati madzi ndi a bilu ya pamwezi, pemphani bilu yomaliza ndi lisiti lake, ndipo mulembe manambala amene mita ikuwerenga tsiku lolowa. Mukaona mawaya olumikizidwa mozembera mita, musalowe, chifukwa a ESCOM akadzabwera adzapeza inu m'nyumbamo, osati amene ali ku Joni.

Tsopano za kalata ya mgwirizano, yomwe ejentiyo akuti mudzalemba mukalowa. Ndondomeko yake ndi yosiyana ndi imeneyo: kalata iyambe, ndalama zitsatire, makiyi aperekedwe nthawi yomweyo. Mgwirizano wa pakamwa nawo ndi mgwirizano pamaso pa lamulo, koma tsiku la mlandu aliyense amakumbukira zomukomera, ndipo woweruza amafuna umboni. Kalatayo siyenera kukhala ya Chingerezi chovuta kapena yolembedwa ndi loya. Tsamba limodzi kapena awiri a Chichewa chomveka, okhala ndi mayina onse, manambala a ziphaso za unzika, nambala ya ploti, siginecha za mbali zonse ndi mboni ziwiri, ndi okwanira pa nyumba ngati imeneyi. Ngati wosainira ndi mbale wa mwini nyumba, kalata yomupatsa mphamvuyo ilumikizidwe pamenepo, ngakhale itakhala chithunzi cha kalata yosainidwa chimene mwiniyo watumiza pa foni.

M'kalatamo mulembedwe lendi ya pamwezi, tsiku lolipira, ndi akaunti kapena nambala imene ndalama zizipita. Mulembedwenso ngati miyezi itatuyo ndi ya polowa pokha kapena muzilipira choncho nthawi zonse. Mfundo imeneyi anthu amaiona yaing'ono, koma imakhudza notisi. Lamulo la malo olembetsedwa, la Registered Land Act, limati ngati mgwirizano sudatchule nthawi yothera, notisi isachepere nyengo imene lendi imawerengedwera, ndipo ithere pa tsiku lolipira lendi. Ndiye ngati mukuti lendi ndi ya pamwezi koma mumapereka miyezi itatuitatu, tsiku lina mudzakangana kuti notisi yoyenera ndi mwezi umodzi kapena itatu. Lembani nambala ya miyezi ya notisi momveka, ndipo ikhale yofanana kwa inu ndi kwa mwini nyumba. Kwa mayi wa ana a sukulu, ine ndimalangiza kuti apemphe notisi ya miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa kupeza nyumba ndi sukulu m'masiku 30 ndi chintchito.

Kukweza lendi kulembedwenso. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, eni nyumba ambiri adakweza lendi, ndipo ena adali ndi zifukwa zomveka, poti simenti, penti ndi malata zidakwera mtengo. Amene adavutika kwambiri ndi alendi opanda kalata, omwe adangolandira uthenga wa pa foni wakuti kuyambira mwezi wamawa mtengo wasintha. Gwirizanani kuti lendi siikwera chaka chisanathe, ndipo kuti ikafuna kukwera mudziwitsidwe polemba miyezi ingapo nthawi isanakwane. Mwini nyumba wanzeru savuta pa zimenezi, chifukwa wa lendi wolipira mokhulupirika ndi wosowa kuposa nyumba.

Pa dipoziti mulembe zinthu zitatu m'chiganizo chimodzi chomveka: kuti ndi ndalama zingati, kuti zidzadulidwa pa zifukwa ziti, ndi kuti zotsala zidzabwezedwa pasanathe masiku angati mutatuluka. Dipoziti ndi chikole cha zimene mwaononga inu ndi mabilu amene mwasiya. Si ndalama zokonzera denga limene lidali lodontha kale, kapena zosinthira loko amene wangotha ndi ukalamba. Eni nyumba ambiri amadya dipoziti tsiku lomwe ailandira, ndipo potuluka amayamba kufufuza ming'alu kuti apeze chifukwa chosabwezera. Mankhwala ake ndi kuyendera nyumba limodzi tsiku lolowa, katundu asanatsitsidwe, kulemba chilichonse chimene chili chowonongeka, galasi losweka, matailosi ong'aluka, chitseko chosatsekeka, ndi kujambula zithunzi n'kuzitumiza kwa mwini nyumba pa WhatsApp tsiku lomwelo kuti deti lioneke. Ngati akufuna kuti mudzapente potuluka, zilembedwe, ndipo muonetsetse kuti nanunso mwailandira yopentedwa.

Zokonza zikuluzikulu, monga denga, makoma, mawaya a magetsi ndi mapaipi a pansi, mwachizolowezi ndi za mwini nyumba, pamodzi ndi msonkho wa kukhonsolo, pamene zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku monga mababu ndi zimene ana aswa ndi zanu. Poti landilodi wanu ali kutali, padzakhala nthawi imene mudzafunika kukonza nokha n'kudula pa lendi. Musadzachite zimenezi musanamuuze mtengo ndi kulandira yankho lolembedwa, ndipo malisiti a zipangizo muzisunga. Ndaona anthu abwino akumanga mpanda kapena kuika mabagalabazi ndi ndalama zawo podalira mawu akuti tidzaona, kenako nyumba itakongola, mwini wake n'kukweza lendi kapena kuwapatsa notisi kuti mukulowa mphwake.

Polipira, njira yabwino ndi ya ku banki, ku akaunti ya dzina la mwini nyumba, ndipo polemba chifukwa cha malipiro mutchule miyezi yake. Ngati ndi pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, onani dzina limene likutuluka musanatsimikize, ndipo likhale lomwe lili m'kalata. Uthenga wotsimikiza musaufufute, koma muujambule ndi kuusunga kwina, chifukwa mafoni amatayika. Mukapereka ndalama pamanja, lisiti lilembedwe pomwepo, ngakhale m'kope la sukulu limene mwaligulira ntchito yomweyo. Komishoni ya ejenti ikhale nkhani yapadera: mudziwiretu kuti ndi zingati ndipo wolipira ndi ndani, inu kapena mwini nyumba, ndipo muipereke makiyi ali m'manja mwanu. Kandalama koonetsera nyumba kamene maejenti ambiri amapempha ndi kochepa, koma kadapangitsa kuti ena azingoyendetsa anthu m'nyumba zoti zidatengedwa kale.

Ndiyeneranso kunena za mbali ya mwini nyumba, chifukwa naye ali ndi mantha ake. Sakudziwani, ndipo mwina adapsapo ndi munthu amene adakhala miyezi isanu osalipira n'kuthawa usiku. Mukapita mutanyamula kope la chiphaso chanu, kalata yakusamutsani, ndi nambala ya landilodi wanu wa ku Kasungu amene angakuchitireni umboni, mumakhala patsogolo pa ena onse amene akuti akuifunawo. Chiphaso chenichenicho musasiye kwa munthu. Nenani zoona za chiwerengero cha anthu amene muzikhala nawo, kuphatikizapo wantchito kapena mbale wolera ana, ndipo munene kuti mumagwira ntchito ya usiku, kuti nkhani ya nthawi yotsekera geti ithe musanalowe. Munthu wa malipiro a pamwezi odziwika ali ndi poyambira kukambirana: mutha kupempha kuti mupereke miyezi iwiri polowa, kapena kuti dipoziti muipereke m'magawo awiri. Chimene sindingakulangizeni ndi kutenga katapila kuti mukwanitse miyezi itatu, chifukwa mwezi wachinayi udzakupezani mukubweza chiwongoladzanja pamene lendi ina yakwana. Powerengera ngati nyumbayo mungaikwanitse, phatikizanipo ndalama za minibasi kapena kabaza za mwezi wonse kuchoka ku Area 25 kukafika kuntchito kwanu, pakuti nyumba yotsika mtengo yakutali nthawi zina imadya zambiri kuposa yodula yapafupi.

Mukadzalowa, ngati mwezi wina malipiro achedwa, muuzeni mwini nyumba tsiku lolipira lisanafike ndipo mutchule tsiku limene mudzapereke. Kukhala chete ndiko kumakwiyitsa eni nyumba kuposa kuchedwa. Koma dziwaninso kuti ngakhale mutakhala ndi ngongole, kuzula chitseko, kusasula malata, kukhoma loko wina kapena kutaya katundu wanu panja si njira imene lamulo limavomereza. Mwini nyumba wofuna kutulutsa munthu amene akukana kutuluka amayenera kudzera kukhoti, ndipo ogwira ntchitoyo ndi masherifu okhala ndi zikalata. Zikafika poipa, yambani ndi amfumu kapena mkulu wa bloko, mukaopsezedwa pitani kupolisi, ndipo pa nkhani ya dipoziti kapena kutulutsidwa mosatsata lamulo, khoti la majisitireti limamva milandu yotere, komanso a Legal Aid Bureau amathandiza amene sangakwanitse kulipira loya.

Pa sabata ino, muimbireni ejentiyo mumuuze mwaulemu kuti nyumba mwaikonda, ndalama zilipo, ndipo mudzazipereka tsiku limene mudzayankhule ndi mwini wake, kusaina kalata ndi kulandira makiyi. Nthawi yomweyo perekani notisi yolembedwa kwa landilodi wanu wa ku Kasungu, ndipo mumupemphe ngati katundu wanu angakhalebe komweko mwezi umodzi wowonjezera mutalipira. Ngati tsiku loyamba ntchito lifika nkhani ya ku Area 25 isanalongosoke, fikirani kaye kwa mbale kapena mnzanu wa kuntchito kwa masabata awiri kapena atatu, ana n'kudzabwera pambuyo. Anzanu a m'wodi amene akhala mu Lilongwe zaka zambiri amadziwa nyumba zimene zikutuluka anthu kumapeto kwa mwezi, ndipo kawirikawiri amadziwanso eni ake ndi kumene amapemphera.